Mpira wa mkute

Pa 25 Januwale 2022 ababa sadapite kunyanja. Amene amadziwa usodzi wa kauni akuuzani kuti chimenechi si chinthu chapafupi. Masiku amenewo mwezi unkachedwa kutuluka, mdima uli bii, nthawi yeniyeni imene usipa umathamangira ku nyali. Koma iwo adapempha mnzawo kuti akawagwirire usiginala usiku umenewo, adasamba kudakali kowala, adavala malaya amene amapita nawo kumaukwati, n'kukokera mpando wawo wa ndalema pafupi ndi TV. Flames inkakumana ndi Morocco ku Yaoundé, ndipo kadali koyamba kuti timu yathu idutse ndime ya m'magulu pa mpikisano wa AFCON.

Magetsi kudalibe. Dzulo lake namondwe Ana adali atadzaza Shire mpaka kuononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kamodzin'kamodzi. Ife kuno ku Nkhotakota, kutali ndi kumene madzi adalusako, tidangoona mababu ali zii. Ababa ankangoti, “Ayaka amenewa, sangatitero lero.” 7 koloko idakwana, 8 koloko idadutsa. Mlongo wanga wamng'ono adazemba kupita ku vidiyo sho ya pamsika kumene kudali jenereta. Koma munthu wa zaka zoposa 60, wa bondo lovutavuta, sakadakapanikizana pabenchi ndi anyamata amene ena mwa iwo amawalipira okha m'mawa uliwonse padoko. Adatulutsa kawailesi kawo ka mabatire, tonse n'kuzungulira pamenepo.

Mphindi ya 7, Gabadinho Mhango adaumenya ali kutali kwambiri ndi golo, mpira n'kumupitirira pamutu goloboyi wa Morocco. Phokoso la kumsika lidamveka mpaka pakhomo pathu, agalu n'kuyamba kuuwa. Muulutsi adakuwa mpaka mawu kusasa. Ababa adadzambatuka, wailesi ili kukhutu, maso ali pa TV yozimayo ngati kuti mwina ichita manyazi n'kuyaka. Zotsatira mukuzidziwa. En-Nesyri adabweza asanakapume, Hakimi n'kudzatimaliza ndi firikiki, 2-1.

M'mawa mwake mlongo wanga adabwera ndi kavidiyo ka pa WhatsApp, kamasekondi ochepa, ka chigoli chija. Ababa adakaonera katatu, foni ataigwira patali ndi maso monga amachitira akuluakulu. Kenako adaibweza.

“Ndaona kuti mwana wamenyadi. Nanga mpirawo unachokera kwa ndani? Nanga pambuyo pake tinagwa bwanji? Mwandipatsa chipsepse, nsomba mwadya nokha.”

Ine ndidali nditabwera kudzapuma kuchokera ku Lilongwe, kumene ndimagwira ntchito yokonza makompyuta. Mawu amenewo ndidakwera nawo minibasi, ndidadutsa nawo pa Chia, ndidafika nawo pa Salima asanandichoke. TV ija adagula ndi ababa, ndi ndalama za usipa, koma pakhomo ponse iwo ndiwo ankaionera pang'ono kuposa aliyense. Msodzi wa kauni amapita kudoko dzuwa litapendeka kukaona za mafuta, mabatire ndi chilimila. Amagona pamadzi. Amabwerako kukucha, agulitse, adye, agone, asoke ukonde, basi nthawi yakwananso. Pamene kanema amaika zabwino zake zonse madzulo: nkhani, masewero, zokambirana. Ngakhale mpira wa ligi yathu umene umaseweredwa masana umawapeza ali kale padoko. Amapuma masiku ochepa amene mwezi wawala kwambiri, usipa utasiya kulabadira nyali, ndipo masiku amenewo sapangana ndi kalendala ya mpira.

Musaiwalenso kuti awa ndi anthu amene adakula dziko lino lilibe kanema. Nthawi yonse ya Kamuzu kudali wailesi basi. Television Malawi idayamba kuulutsa pa 1 Epulo 1999, ababa ali kale bambo wa ana atatu. Ife a mafoni timaiona TV ngati kabati kapena tebulo. Iwo mpaka lero amaipukuta fumbi okha n'kuifunditsa kansalu koluka kamene amayi adalukira ntchito imeneyo.

Ndiye ndidaganiza zoti ndiziwajambulira, kapena kuti kuwatepera, monga amanenera iwo kuyambira nthawi ya makaseti. Ndidawaimbira foni n'kuyamba kuwafotokozera za madikoda ndi mawaya. Adandimvetsera mpaka kumaliza, kenako adafunsa funso limodzi.

“Naphiri, tsiku lija ukanakhala nako kamakina kakoko, kakanatepa ndi chiyani magetsi kulibe?”

Apa ndiye mphunzitsi adasanduka mwana wa sukulu. Asodzi a kauni ambiri adasiya nyali za parafini zopopa zija. Masiku ano amayatsa mababu a LED pa batire, ndiye nkhani ya mabatire ababa amaidziwa kuposa ine ndi satifiketi yanga. Nditabweranso tidakhala pakhonde ndi kope la sukulu. Batire ya 100Ah pa mavoti 12 imasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Ababa adachenjeza kuti batire ukamaikama mpaka kuuma sichedwa kufa, ndiye tiwerengere theka lokha, 600. Dikoda ndi rauta pamodzi zimadya mawati 25 kapena kuchepera apo, kutanthauza kuti zikhoza kukhala zoyaka tsiku lathunthu ngakhale dzuwa litabisala. TV ya mainchesi 32 ndi laputopu zikayakanso, zonse pamodzi zimafika cha m'ma 100, ndiye maola 6. Zokwanira. Adanenanso china chimene ine sindidachiganize: madikoda ndi marauta ambiri amayendera mavoti 12 omwewo, ndiye palibe chifukwa chowadutsitsira mu inveta imene nayonso imadyako gawo lake. Tidazilumikiza ku batire mwachindunji, n'kuika fyuzi pakati. Sola ya mawati 150 idakwera padenga.

Mitengo ya zinthu ndidaifufuza mu Epulo, ndalama ndidazipeza mu Juni. Pakati pakepo, mu Meyi 2022, kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo zinthu zonse zochokera kunja zidadumpha. Maloto ogula kakompyuta katsopano kosungiramo zinthu adathera pomwepo. Ndidakumba m'katoni n'kutulutsa laputopu yanga ya ku koleji, yong'aluka sikirini, yogwa mabatani awiri, koma yamoyo.

Mbale adabwera kudzaika ndi mnyamata wina wa paboma. Atafika adandidutsa ine ndili ndi mawaya m'manja n'kufunsa kuti abambo a nyumba ino ali kuti. Ababa adamulozera kwa ine: “Injiniya ndi ameneyo, ine ndine wogwira makwerero.” Setilaiti imakhala makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba, ndiye mbale ikangophonya pang'ono chabe, chithunzi chimaphwanyika timabokosi kapena kusoweratu. Yathu idayang'ana kum'mawa, kunyanja, mbali ya ku Mozambique. Pa TV pamaoneka timizere tiwiri, kena ka mphamvu ya siginolo, kena ka ubwino wake, ndipo kofunika kwambiri ndi kachiwiriko. Ine ndinkakuwa manambala pawindo, mnyamata uja akupotoza mbale pang'onopang'ono. Ababa atamva mawu oti siginolo adaseka: “Kani nayonso ili ndi siginala wake woitana nsomba?” Ndidati inde, kabokosi kali kutsogolo kwa mbaleko, kotchedwa LNB, ndiye siginala wake. Mpaka lero chithunzi chikavuta amati siginala wagona.

Pa dikoda m'pamene ambiri amasokonezeka, ndipo anzanga amandifunsa kawirikawiri. Pali madikoda olipira pamwezi amene amatha kujambula, monga Explora ya DStv, koma zimene wajambulazo zimakhala zokiyidwa m'kati momwemo. Sungazikopere pa fulashi kapena pa foni. Ndiye pali madikoda a free-to-air, ogwira matchanelo osalipira okha. Ambiri mwa amenewa ali ndi kabowo ka USB. Ukalowetsapo fulashi kapena hard disk, batani lofiira la pa rimoti limayamba kujambula, ndipo chimene chimatuluka ndi fayilo wamba imene kompyuta ikhoza kutsegula. Pogula funsani ngati ili ndi PVR komanso taimala, ndipo musangokhulupirira zolembedwa pakatoni. Pitani ndi fulashi yanu, aiyese muli pomwepo. Ine ndidatero m'masitolo a ku Malangalanga ku Lilongwe, ndipo dikoda yachitatu ndi imene idajambuladi. Yathuyi imagwira matchanelo angapo a kuno kwathu ndi mulu wa matchanelo a mapemphero. Mpira wa ku England mulibe. Ababa adati alibe nawo ntchito, kumeneko sadziwako munthu aliyense.

Sabata yoyamba ndidachita manyazi kawiri. Ndidatchera taimala kuti ijambule nkhani za madzulo, osadziwa kuti wotchi ya dikoda idali pa GMT pamene Malawi ili maola 2 kutsogolo. Idayamba kujambula nkhani zitatha kalekale. Ababa adachokera kunyanja, adasamba, n'kukhala pansi mwaulemu kuonera theka la ola la nyimbo za kwaya. Atamaliza adati anawo akuimba bwino, koma kodi dziko likuyenda bwanji?

Kachiwiri kadali kopweteka. Mpira wa ligi udaduka chigawo chachiwiri chili m'kati, wosewera akukonzekera kumenya kona. Fulashi idali ya FAT32, imene silola fayilo imodzi kupitirira 4GB. Madikoda ena amadula fayiloyo n'kuyamba ina, yathu idangoima osauza munthu. Mankhwala ake ndi kuifomata kukhala NTFS. Mpira umodzi ndi zokamba zake umadya pakati pa 2GB ndi 5GB malinga ndi mmene chithunzi chikuwalira, ndiye hard disk ya 1TB imene ndidaika mu laputopu imanyamula masewero osachepera 200. Nthawi imeneyo ndinkaiona ngati nyanja yosadzaza.

Nyanja yeniyeniyo nayo idali ndi maganizo ake. Mwera utawomba mwamphamvu mu Julayi, mbale idasuntha. Tidaitsitsa pakhoma n'kuiika pa chitsulo chokwiriridwa ndi simenti. Mabawuti sachedwa kuchita dzimbiri kuno, amafuna girisi. Mvula yamkuntho ikagwa chithunzi chimathawa, ndipo pamenepo palibe chochita, kungodikira, waya wa mbale utazulidwa kuopa ziphaliwali. Nkhungu zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala kwa TV mpaka osewera kumaoneka ngati ali m'utsi. Nyerere nazo zidakonda kutentha kwa m'dikoda n'kusamukiramo ndi mazira awo. Zonsezi palibe buku la malangizo limene limazinena.

Kugawana ndiye kudali kokoma. Laputopu ija idasanduka nkhokwe, ndipo mlongo wanga adapatsidwa udindo: m'mawa uliwonse azisamutsa zimene zajambulidwa kuchoka pa fulashi kupita mu laputopu, azizipatsa maina ndi madeti, ndipo zikuluzikulu azizichepetsa ndi pulogalamu yaulere ya HandBrake kuti zisamavute m'mafoni. Laputopu idalumikizidwa ku TV ndi waya wa HDMI, komanso ku rauta. Rauta imeneyi ilibe simu, ilibe intaneti. Ntchito yake ndi kungolumikiza zinthu za m'nyumba momwemo. Foni iliyonse yokhala ndi VLC ikalowa pa Wi-Fi yathu imaona mafoda onse, munthu n'kusankha chimene akufuna. Azakhali adakana kukhulupirira. Adayang'ana bandulo yawo asanayambe, adaonera sewero lathunthu, adayang'ananso bandulo, n'kundiitanira kumbali kundifunsa motsitsa mawu ngati sitidzamangidwa.

Aliyense adali ndi foda yake. Amayi masewero ndi mapologalamu a zaulimi, ana makatuni ndi maphunziro a pa kanema, mlongo wanga nyimbo. Foda ya ababa adaitcha okha dzina: Mkute. Ati chifukwa ndi nsima ya dzulo.

Miyezi yoyamba ankaidyadi nsimayo. Ndinkaimba foni cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kumamva nkhani za dzulo madzulo zikulira kumbuyo, iwo akutsutsana ndi nduna ina ya pa kanema. Adaphunzira kubweza chithunzi m'mbuyo, ndipo chigoli chilichonse ankachionera kanayi kuti aone amene adalakwitsa. Ine ku Lilongwe ndinkadzimenya pachifuwa. Ndidajambula mawaya athu n'kuika pa Facebook, anzanga n'kumandiitana kuti injiniya wa ku Linga.

Wi-Fi sidziwa mpanda. Yathu inkafika mpaka pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, ndipo posakhalitsa pansi pa mtengowo padayamba kukhala anyamata ndi atsikana, aliyense ataweramira foni. Mu Ogasiti 2023, pamene MultiChoice idalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, khamu la pamangolo lidakula, ndipo silidachepe ngakhale DStv itabwerera chaka chisanathe. Msuweni wanga wina, wamutu wa bizinesi, adati tiziwalipiritsa kangachepe pa foni iliyonse. Ababa adakana asanamalize n'komwe: “Madzi akumwa sitigulitsa kwa oyandikana nawo.” Ine ndidakananso, pa chifukwa changa. Kujambula kuti muonere pakhomo panu ndi nkhani ina. Kugulitsa ntchito ya anthu ena ndi nkhani inanso, ndipo kumeneko kuli a COSOMA ndi lamulo la zokopera la 2016. Komanso ochita masewero amene amayi amawakondawo ndi Amalawi anzathu amene nawonso akufuna kudya.

Chimene chidandiopsa kwambiri sichidali chimenecho. Ndidali nditasiya foda imodzi yotsegula kuti aliyense aziikamo zake. Tsiku lina kamwana ka achemwali anga, ka zaka 9, kakufunafuna makatuni, kadatsegula vidiyo imene wina wa pamango paja adaponyamo. Sindinena kuti idali yotani. Amayi adandiimbira mawu akunjenjemera, ndipo ndidalibe wina womuloza chala koma ine mwini. Usiku womwewo ndidamulangiza mlongo wanga pafoni: foda ija ichotsedwe, ena onse akhale ongoonera osaikamo kanthu, pasiwedi isinthidwe, ndipo wofuna kulowa azibwera kudzapempha kwa amayi maso ndi maso. Ngati mukuganiza zoika zoterezi pakhomo pali ana, yambirani pamenepa, osati kumalizira ngati ine.

Ndidaona ngati mavuto atha. Kenako tsiku lina mlongo wanga adandilembera kuti diski yadzaza.

Ndidamuuza kuti afufute zimene anthu aonera kale. Adati wafufuta. Chimene chadzaza ndi Mkute, ndipo ababa sadautsegule kwa miyezi iwiri. Nkhani za masiku 60, masewero a mpira ataunjikana, zonse zili chikhalire.

Ndidakwera minibasi Lachisanu. Ndidafika madzulo ababa atapita kale kunyanja, ndipo chimene ndidapeza chidandidabwitsa ngakhale chidali ntchito ya manja anga. Nyumba idali zii. TV yozima, yofunditsidwa kansalu kake. Amayi ali kukhitchini, foni atayedzamiritsa ku poto, akuonera sewero lawo. Mlongo wanga kuchipinda, mahedifoni kukhutu. Ana pansi pa neti, kafoni kamodzi pakati. Kale nthawi imeneyi pabalaza pankadzaza mpaka pakhomo, amayi a nyumba yoyandikana nafe atayala chitenje pansi, aliyense akumuuza wa mu sewero kuti asakwatiwe ndi mwamuna ameneyo. Tsopano aliyense adali ndi kanema wake, pa nthawi yake, monga mmene ndidalonjezera.

M'mawa ababa atabwera ndidawalonjera n'kuwafunsa ngati makina avuta.

“Ayi, akugwira bwinobwino. Unachita ntchito, Naphiri.”

Adamwa tiyi n'kukagona.

Yankho ndidakalipeza kwa amayi, tikuyanika usipa pathandala. Sadandiyang'ane n'komwe, manja ali pa ntchito.

“Iwe, bambo akowo zigoli amazimva asanatsike m'boti. Azimayi ogula nsomba aja sasunga kanthu. Akafika kuno, aliyense waonera kale pafoni yake. Akati taonani uyu, palibe wotembenuka. Mlongo wakoyo akadutsa amangoti dikirani muone zimene zichitike mphindi ya 80. Tsiku lina ndinawapeza akukangana ndi refa okhaokha pabalaza. Atandiona anazimitsa, ati maso akuwawa.”

Adasefa usipa wina ndi zala n'kuwonjezera: “Mkute umakoma mukamalimbirana ndi ana. Wodya wekha ndi nsima yozizira basi.”

Ndikuvomereza kuti chinthu choyamba chimene chidabwera m'mutu mwanga chidali cha makina. Ndidayamba kuganiza zoika taimala pa rauta, kapena kubisa mafayilo a mpira kuti asamaoneke m'mafoni mpaka masana. Ndi mmene timaganizira ife okonza makompyuta: vuto lililonse liyenera kukhala ndi batani lake. Ndidawerengera mawati, ndidawerengera ma GB, ndidawerengera ngakhale mphepo ya mwera. Koma usiku uja wa Morocco ndidauona molakwika. Ndinkaganiza kuti ababa adasowa chithunzi. Tsopano ndikakumbukira bwino, phokoso lija la kumsika litamveka, iwo adayamba atembenukira kuwindo asanayang'ane TV.

Amayi sadadikire taimala yanga. Mpira wotsatira wa Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium utayandikira, adalengeza malamulo awo tikudya nsima. Tsiku la mpira, dikoda izijambula TV ili yozima. Kawaya ka rauta kazikhala kwa iwo, ndipo adakamangiriradi pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi makiyi. Wofuna kuonera pompopompo apite kumsika, koma akabwerako pakamwa patsekedwe. Kudoko adatumizako uthenga kwa azimayi anzawo: amene awauze a Phiri zigoli asadzabwerenso kudzatenga usipa wangongole.

Muyenera kudziwa kuti amayi ndi a Manoma kuyambira ali mtsikana, pamene ababa ndi a Maule osasunthika. Ukwati wawo wapirira zambiri. Ndiye kuti amayi akhale masana onse osayatsa wailesi, akudziwa kuti Nyerere zawo zili m'bwalo, chidali chinthu chimene sindidaganizepo kuti ndingachione. Adakhala kuseri akusankha mpunga, akuthamangitsa mwana aliyense wobwera ndi nkhope ya nkhani. Ine ndidazimitsa data pafoni kuyambira 2 koloko. Ndikuuzeni zoona, zala zinkayabwa. Kangapo ndidapezeka foni ili kale m'manja osadziwa kuti ndaitenga liti. Cha m'ma 4 koloko kumsika kudamveka phokoso, ndipo amayi adayamba kuimba mokweza kuti asazindikire kuti akukuwawo ndi a mbali iti.

M'mawa mwake ababa adachoka kudoko chipewa chaubweya atachikokera mpaka kutseka makutu, dzuwa likuswa mtengo, osayankha moni wa munthu aliyense panjira. Adasamba mofulumira. Mawindo tidatchinga ndi zitenje kuti kuwala kwa nyanja kusaphe chithunzi. Patebulo padali tiyi ndi chinangwa chophika. Amayi a nyumba yoyandikana nafe adabwera ndi chitenje chawo choyala, atalumbira pakhomo kuti sakudziwa kanthu. Mlongo wanga, amene nkhope yake inkaonetseratu kuti adapita kumsika, adamukhazika kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko, kumene palibe akadamuona akumwetulira kapena kukwinya.

Ababa adachotsa kansalu pa TV, adakapinda bwinobwino, n'kutsegula Mkute.

Mphindi zisanu zisanathe adali atayamba kale. Ababa akuti imeneyo ndi penate yoonekeratu, amayi akuti munthu wagwa yekha ngati papaya. Adabweza chithunzi, adaonanso, aliyense n'kutsimikiza kuti chikugwirizana ndi iye. Ana ankakuwa osadziwa chimene akukuwira. Ine mtima unkagunda ngati mpirawo ukuchitika pomwepo, chikhalirecho osewerawo adali atasamba dzulo, atagona, mwina ena akumwa tiyi ngati ife.

Cha m'ma mphindi 35, mawu a ababa adayamba kuchepa. Munthu adali atachezera usiku wonse m'bwato, akuyang'anira nyali. Mutu udagwa kamodzi, adaudzutsa n'kunena kuti refa ameneyu ngwogulidwa. Udagwanso kachiwiri. Kapu idapendekeka m'manja mwawo, amayi n'kuilandira tiyi asanatayike. Kenako adasolola rimoti pansi pa dzanja lawo mwakachetechete n'kudina batani loimitsa.

Chithunzi chidaima wosewera wa Bullets atakweza mwendo, mpira uli m'malere kulowera ku golo ya Manoma, goloboyi atayamba kale kudumpha.

“Amayi, pamenepa ndiye—” adatero mlongo wanga kuchokera kuchitseko.

“Tseka pakamwa. Akadzuka.”

Adawafunditsa chitenje kumiyendo, adatsitsa mawu a ana ndi diso limodzi, n'kutiuza kuti usipa uli pathandala sudzitembenuza wokha. Tidatuluka m'modzim'modzi, nsapato m'manja. Ndikudutsa ndidasuzumira kamita ka batire. Dzuwa lidali litakwera kale padenga, mphamvu ikulowa yoposa imene ikutuluka. Mpira uja udakhala m'malere mpaka 11 koloko.